Kiyi wa Silinda ya Atate

Silinda ija inalowa m'nyumba mwathu pa wilibala, chaka chimene mafakitale a ku Kafue anayamba kutseka mageti limodzilimodzi. Inali yaitali kufika pachifuwa panga, yakuda, penti yake itasupuka, ndipo amuna awiri anachita kuigubuduza mopendeketsa kuti idutse pakhomo. Anaiimika pakona ya pabalaza, pafupi ndi bedi la atate, n'kuimangirira ku chitsulo cha windo kuti isagwe. Kuyambira tsiku limenelo atate anayamba kupumira m'kapayipi kolowa m'mphuno.

Mapapo awo anali atatha. Fodya wopichira anamuyamba ali mnyamata kwathu kum'mawa, asanabwere kuno kudzagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo anamusiya mochedwa. Kuchipatala anawagoneka kwakanthawi, kenako anatiuza mosabisa kuti mankhwala otsala ndi mpweya wa okosijeni basi, ndipo kunyumba sangatipatse. Kale kampani yawo inali ndi kiliniki yakeyake, koma atawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambirimbiri, khomo limenelo linatsekeka.

Amene anatiombola ndi mnzawo wina wa kuntchito, yemwe atachotsedwa anamanga kashedi m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka n'kumapanga mageti. Anabwera kudzazonda matenda, n'kuona mmene atate ankakokera mpweya, ndipo anandiitanira panja.

"Mwana wanga, mphepo ni imodzi chabe," anatero. "Yamene nidulila nayo nsimbi za mageti ndiye yamene bapasa odwala. Uzibwela kutenga, ikasila ubweza botolo."

Mayi wina woyandikana nafe, namwino wopuma ntchito, anatipezera geji yosinthira mphamvu ya mpweya, kapayipi ndi kabotolo ka madzi kodutsamo mpweyawo. Anatiikira zonse, n'kutiopseza kuti m'nyumbamo musalowe mbaula, kandulo kapena mafuta alionse pafupi ndi silinda. Potuluka anati wina akatifunsa, iye sakutidziwa. Silinda ikatsegulidwa, madzi a m'kabotolo aja ankangoti bwatubwatu tsiku lonse. Potsegula ndi potseka tinkagwiritsa ntchito kiyi wachitsulo wamfupi, wokhala ndi chogwirira chopingasa, amene tinkamupachika pamsomali pamwamba pa bedi.

Atate ankatha kuchotsa kapayipi kaja n'kupita kuchimbudzi kuseri, koma pobwera ankachita kugwira khoma, maso atatuluka. Chinthucho sankachikonda. Munthu amene ankayenda wapansi mpaka kumtsinje kukagula nsomba anali atamangidwa pakona.

"Ndasanduka mbuzi ya pachingwe," ankatero, akukoka kapayipi kaja mwaukali.

Ine ndine woyamba kubadwa. Amayi anali atatisiya kale, ndiye nyumba inali m'manja mwanga. Ndinkagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika, ndipo ndisabise, ndili ndi mtima wapachala. Masana atate ndinkawasiya ndi mlongo wanga, mzime wathu, mwamuna wandevu kale koma wopanda ntchito. Anamaliza sukulu nthawi yolakwika, pamene akuluakulu odziwa ntchito ankatuluka m'mafakitale atanyamula maovolosi awo m'mapulasitiki. Anayamba kachasu, ndipo kangapo ndinakamutola m'ngalande pafupi ndi njanji.

Kenako analowa tchalitchi china chatsopano mwa zimene zinamera paliponse zaka zimenezo. Ankakumana m'kalasi pasukulu ina, ali ndi kiyibodi ndi sipika yobwereka. Pano ndiyenera kunena chilungamo: anthu amenewo anandibwezera mlongo wanga. Mowa anasiya, anayamba kusamba, kusita malaya, kusambitsa atate popanda kuuzidwa. Ine ndinkamuseka kuti akupemphera ngati akukalipira munthu wogontha, koma mumtima ndinkathokoza.

Tsiku lina anandikoka kupita kumapemphero awo. Kutsogolo kwa kalasi kunali tebulo loyala nsalu yoyera, ndipo patebulopo panali mapilisi, magalasi a maso, ndodo zoyendera, timabotolo ta mankhwala a chifuwa. Mwambo wawo unali wakuti munthu akapemphereredwa, azisiya pamenepo chinthu chimene matenda ankamudalitsa nacho, ngati umboni wakuti sabwereranso m'mbuyo. Ndinaona mayi wina amene ndinkagulitsa naye pamsika akuvula magalasi anthu akukuwa ndi chimwemwe. Mlungu wotsatira ndinamuona akuyandikitsa diresi pamphuno pofuna kuona ngati lang'ambika. Ndinamufunsa kuti magalasi ali kuti, iye anandiyang'ana moipidwa, ndipo sitinalankhulane mwezi wonsewo.

Sipanatenge nthawi, mlongo wanga anayamba kuiyang'ana silinda ija ndi diso lina.

"Ba sisi, imwe simumvela," anatero tsiku lina tikudya nshima pakhonde. "Mulungu sangachilise munthu wamene agwilila ku nsimbi. Mphepo ya munthu ichoka kumwamba. Ichi chibotolo chakhala monga fano mu nyumba."

"Iwe, fano yamene ukamba ndiye yalengesa kuti ukhale na batata lelo," ndinamuyankha. "Idya, uleke vokamba-kamba."

"Manje bazankhala pa paipi mpaka liti? Imwe muona monga ni moyo uja?"

Funso limenelo linandibaya, chifukwa nanenso linkandisowetsa mtendere. Silinda sinkawachiritsa atate. Inkangowachedwetsa. Ndinkadziwa, iyenso ankadziwa, koma ndinangomutukwana. Mikangano yotereyi inachuluka, ndipo khoma la nyumba za ku Estates, kumene tinkakhala, ndi lopyapyala. Atate ankamva zonse. Akuluampingo a tchalitchi chawo chakale ankabwera Lamlungu masana kudzapemphera nawo, madzi akubwata m'kabotolo, ndipo palibe amene zinkamuvuta. Mkulu wina ankachita kukoleka chipewa chake pamutu pa silinda.

Zinachitika Loweruka lina masana, m'nyengo yotentha mvula isanagwe. Ndinali pamsika ndikukangana ndi munthu pa jekete, pamene mayi wina wogulitsa tomato wa ku Shimabala anaima pamulu wanga.

"Kwanu kuli chani? Napita pamenepo, naona gulu bayimba, na wilibala ili pakhomo."

Wilibala ndinali nditaisiya kuseri, chifukwa silinda inali yodzaza. Ndinazindikira nthawi yomweyo chimene mlongo wanga ankafuna kunyamula ndi kumene ankafuna kukachiika. Ndinasiya katundu yense osauza munthu, n'kuthamanga. Patapata imodzi inaduka podumpha njanji, ndinaivula inzakeyo n'kupitirira wopanda nsapato.

Pabalaza panali podzaza anyamata ndi atsikana ovala malaya oyera, akuimba ndi kuomba m'manja. Kutentha kwake munthu wabwinobwino ankachita kubanika. Abusa awo anaima kumutu kwa bedi, mnyamata wamsinkhu wanga amene kale ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, atavala jekete dzuwa lonselo. Madzi anali akubwatabe m'kabotolo. Pamsomali panalibe kanthu. Kiyi anali m'manja mwa mlongo wanga.

"Leta kiyi uyo!" ndinakuwa, ndikukankha anthu. "Fumani mu nyumba muno, monse! Mufuna kunipayila batata?"

Nyimbo inaduka. Abusa anakweza dzanja mofatsa.

"Ba sisita, sitinabwele na nkhondo. Taitaniwa."

"Na ndani?"

"Ndine," anatero atate.

Mawu awo anali otsika, koma aliyense anamva. Anandikodola ndi chala, ndipo nditagwada pambali pa bedi anandigwira pamkono. Dzanja la munthu wogwira zitsulo silitha mphamvu msanga.

"Ndavomera ndine," anatero, akupumira pakati pa mawu. "Mwanayu akhulupirira. Musiye apemphere."

"Atate, mukudziwa chimene akufuna kuchita?"

"Ndikudziwa. Ngati ndine atate wako, khala pansi. Usagwire kanthu."

Ndinakhala pansi pasimenti, mkono wanga uli m'dzanja lawo. Chibadwire sindinawakanirepo atate pamaso pa alendo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Anandimanga ndi ulemu wanga womwe.

Mlongo wanga anaika kiyi pamutu pa silinda n'kupotokola. Kubwata kuja kunachepa, kenako kunati zii. Sindinadziwe kuti phokoso limenelo ndinali nditalizolowera chotere mpaka pamene linasowa. Anachotsa kapayipi m'mphuno mwa atate mosamala, n'kukakulunga. Abusa anatambasula dzanja.

"Leta kuno, m'bale, kuti mtima usayangane kumbuyo."

Abusa analandira kiyi uja n'kumuponya m'thumba la jekete. Kenako analamula kuti aliyense atsinzine, ati wotsegula maso ndiye wokayika, ndipo wokayika mmodzi amatsekereza onse. Anauza mlongo wanga kuti aike dzanja pachifuwa pa atate. Pemphero linayamba, onse pamodzi, aliyense mawu akeake, ena m'malilime, mpaka malata ankachita ngati akuyankha.

Ine sindinatsinzine. Maso anga anali pankhope ya atate.

Poyamba ankaoneka bwinobwino. Anagona chagada, nkhope yopanda kapayipi, ngati atate anga akale. Ndipo ndinene zoona, panthawi imeneyo mtima wanga unalakalaka kuti zitheke. Ndinaganiza kuti mwina wouma mutu ndine, mwina adzukadi n'kupempha nsapato zawo. Ndinapemphera nawo chamumtima, ine wotukwana uja.

Kenako mapewa awo anayamba kukwera. Mpweya uliwonse ankachita kuukoka ndi khosi, mitsempha itaima. Pakamwa panatseguka. Thukuta linayenderera kulowa m'makutu. Ndinayesa kudzuka, iwo anandifinya mkono, n'kundiyang'ana ndi diso loti usayerekeze. Pemphero linkangokulirakulira, mtsikana wina anagwa pansi pafupi ndi chitseko, abusa akudzudzula mzimu wa matenda kuti utuluke. Milomo ya atate inayamba kuda ngati ya mwana wodya mabulosi. Ndinayang'ana zikhadabo za dzanja limene linandigwira, nazonso zinali zitasintha mtundu.

"Atate, chonde," ndinanong'ona. "Chonde, zakwana."

Anapukusa mutu pang'ono. Sankayang'ananso ine. Ankayang'ana mlongo wanga, amene anagwada mbali inayo atatsinzina zolimba, misozi ikutsika, dzanja lake likukwera ndi kutsika pachifuwa chimene chinkalimbana ngati nkhuku yogwidwa mapiko. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbuka n'chakuti zala za atate zinayamba kumasuka pamkono panga, chimodzichimodzi, mpaka dzanja linagwera pabedi. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso pena paliponse.

Ndisanaimirire, mlongo wanga anatsegula maso. Chifuwa chija chinali chitasintha kagundidwe pansi pa dzanja lake, ndipo iye anachimva. Anayang'ana nkhope ya atate, pakamwa pake pemphero linathera panjira.

"Ba pasta," anatero. "Kiyi."

Abusa sanatsegule maso. "Limba, m'bale. Yayandikila. Apa ndiye pamene satana ayesa."

"Ba pasta, nipaseni kiyi."

Abusa anamusanjika dzanja pamutu n'kukweza mawu. Kwa anthu a tchalitchi chimenecho, kugwira thupi la wodzozedwa mwamwano linali tchimo loopsa kuposa kuba, ndipo mlongo wanga anandiuzapo yekha kuti wochita zimenezo dzanja limauma. Ndinamuona akuyang'ana thumba lija, akuyang'ana atate. Kenako anadumpha. Anagwira jekete ndi manja awiri n'kukoka, thumba linang'ambika kuti kwee, abusa anadzandira n'kugunda kabati. Kiyi anagwa pasimenti n'kutsetserekera kuphazi kwanga.

Ndinamutola. Pakati pa ine ndi silinda panali bedi ndi mlongo wanga, atatambasula dzanja.

"Ba sisi, nipaseni!"

Munthu yemweyu ndiye anali atangotseka kumene. Mtima wina unati usamupatse. Koma kuzungulira bedi kudutsa anthu onsewo kunali kutali, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wokambirana naye. Ndinamuponyera. Kiyi anaphonya kawiri asanalowe. Anapotokola, madzi anabwata mwamphamvu, ine ndinali nditabwezera kale kapayipi m'mphuno. Tinawadzutsa atate n'kuwatsamiritsa pachifuwa pa mlongo wanga.

"Segulani mawindo! Chokani pa chitseko!" ndinakalipa. "Wina aitane ba nasi apa pafupi!"

Atate sanatsitsimuke msanga. Namwino uja anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja, anakweza geji, n'kutitukwana tonse osasiya ndi mmodzi yemwe. Ndinakhala ndikuyang'ana milomo ija mpaka kuda kuja kunayamba kusungunuka. Pamene ndinatembenuka, pabalaza panali patatsala anthu ochepa. Mtsikana wina potuluka analoza mlongo wanga n'kunena kuti wagwira wodzozedwa, aona. Abusa anali ataima pakhomo atagwira thumba long'ambika lija. Ndinkayembekezera kuti anena zoti m'nyumba muno mulibe chikhulupiriro, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale. Koma nkhope yake inali itatuwa, ndipo anafunsa ndi mawu aang'ono ngati atate akupuma.

"Bapema?"

"Bapema," ndinatero. "Yendani."

Anapita wapansi yekha, anthu ake atatsogola. Mlongo wanga anagoneka atate bwinobwino pamapilo, n'kutuluka osayang'ana munthu. Ndinamumva akusanza kuseri kwa nyumba.

Dzuwa litapendeka, atate anayamba kulankhula. Ndinali nditawamwetsa madzi, ndipo ukali umene mantha anaupondereza unabwerera wonse.

"Atate, munaganiza chiyani? Munafuna kufera m'manja mwanga anthu akuimba? Inu mumakhulupirira kuti mudzuka?"

"Ayi," anatero. "Mapapo anga ndimawadziwa."

"Nanga bwanji?"

Anakoka mpweya. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu awiri atatu n'kuima.

"Ine ndipita ndithu, silinda ilipo kapena palibe. Ndikanapita uku iwe ukumukaniza, mwana uja akanakhala moyo wake wonse akuti mlongo wake ndi chitsulo anatsekereza Mulungu. Akanakuda mpaka kumanda. Inu mwatsala awiri. Ndinafuna atseke yekha, aone yekha."

"Akanapanda kutsegula maso?"

"Ndikanapita lero."

Anayankha ngati akunena za ulendo wa ku Lusaka. Ndinafuna kuwagwedeza.

"Iwe ukuganiza kuti ndimangogona pamenepa?" anapitiriza. "Inenso ndimapemphera. Onse aja amapempha kuti ndichire. Ine ndimapempha kuti mwana wanga atsegule maso ndisanathe. Ndinaika moyo wanga pamenepo."

"Mwandilakwira, atate," ndinatero, ndikulira tsopano. "Munandigwira mkono kuti ndizionerera."

"Ndakulakwira," anavomera. "Kamuitane."

Atate anakhala nafe mpaka mvula ya chaka chotsatira, koma za tsiku limenelo sindinawakhululukire msanga, ndipo ngakhale lero ndikaganiza mtima umawira. Ndinatuluka n'kumupeza mlongo wanga atakhala pansi kuseri, atatsamira khoma, akuyang'ana dzanja lake lamanja ngati akudikira kuti liume.

"Batata bakuitana."

"Siningangene, ba sisi. Nenze pafupi kubapaya." Anapukuta mphuno ndi malaya oyera aja. "Na kuchechi siningabwelele. Manje nizapemphela bwanji?"

Ndinangomugwira dzanja lomwelo n'kumukoka. Analowa ngati mlendo, n'kuima kumiyendo kwa bedi. Atate anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Pemphero lako unalisiyira panjira," anatero. "Gwada umalize."

Mlongo wanga anayang'ana silinda, kenako atate.

"Isiye ilire," anatero atate. "Mulungu sagontha."

Anagwada. Ndinadikira mawu akuluakulu aja, odzudzula ndi olamula, koma sanabwere. Kenako anagwira phazi la atate ndi manja onse awiri, n'kuika chipumi pamenepo.

"Mulungu, batata banga," anatero. "Batata banga."

Sanathe kupitirira pamenepo. Anabwereza mawu omwewo mpaka mawu anasasa, ndipo atangokhala chete, atate anati ameni. Nanenso ndinati ameni.